Kuchapa pamanja: zomwe ntchitoyi imachita m'thupi ndi momwe mungadzitetezere

Mabanja ambiri m'dziko muno amachapa zovala pamanja, kaya m'beseni pakhonde, pamwala kumtsinje kapena pafupi ndi mjigo. Makina ochapira amafuna magetsi komanso madzi a m'mpopi ofika m'nyumba, koma kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zimaunikira magetsi. Vutoli si lathu lokha. Mu 2010, katswiri wa zaumoyo wa ku Sweden, Hans Rosling, anati mwa anthu pafupifupi 7 biliyoni amene analipo padziko lapansi nthawi imeneyo, 2 biliyoni okha ndi amene ankachapira makina.

Poti ndi ntchito yozolowereka, ambiri sayiwerengera ngati ntchito yolemetsa. Mayi akamadandaula msana Loweruka madzulo, kapena manja a mtsikana akayamba kusupuka, si kawirikawiri kuti apabanja aganizire za beseni. Komatu mavuto ambiri obwera ndi kuchapa amachokera pa zinthu zinayi: komwe mukuchapira, momwe mukuweramira, zimene mukuthira m'madzi, ndi momwe mukuyanikira. Zonsezi zingathe kusintha ngakhale pakhomo palibe makina.

Ntchito imayambira kotunga madzi

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndowa ya malita 20 ikadzaza, munthu amasenza makilogalamu 20, ndipo kuchapa ndi kutsukuluza zovala za banja lonse kumadya ndowa zingapo. Mu 2016, bungwe la UNICEF linati amayi ndi atsikana padziko lonse amataya maola 200 miliyoni tsiku lililonse potunga madzi. Ponena za Malawi, bungweli linati amayi otunga madzi amatherako pafupifupi mphindi 54, pamene abambo amatherako mphindi 6 zokha.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati malita 20 pa munthu patsiku amangokwanira kumwa, kuphika ndi kusamba m'manja. Kuti kuchapa ndi kusamba thupi lonse kutheke bwinobwino pakhomo, pamafunika malita pafupifupi 50 pa munthu patsiku. Banja la anthu asanu lingafunike malita 250, zomwe ndi ndowa zoposa 12. N'chifukwa chake ambiri amaona kuti n'kwapafupi kusenza zovala kupita nazo komwe kuli madzi kusiyana ndi kusenza madzi kubwera nawo kunyumba. M'matauni, komwe madzi amagulidwa pa kiyosiki, ena amapita kumtsinje pofuna kupulumutsa ndalama. Apa ndi pamene matenda ena amapezera mpata, monga tionere kutsogoloku.

Msana, khosi ndi manja

Ambiri amachapa ataimirira, miyendo ili chiwongokere, msana atawerama kufikira beseni lomwe lili pansi. Munthu akakhala choncho kwa ola limodzi kapena awiri, minofu ya m'chiuno ndi timatsiro tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana zimapanikizika. Chovuta kwambiri ndi kunyamula chinthu cholemera uli chiweramire kenako n'kupotoza thupi, monga potulutsa bulangete lonyowa m'bafa kapena pokhuthula madzi a m'beseni. Bulangete louma ndi lopepuka, koma likamwa madzi limalemera kangapo.

Kufinya nakonso kumavutitsa. Kupotokola jinzi, matawulo ndi mabulangete mobwerezabwereza kumatupitsa mitsempha ya padzanja ndi pachigongono. Ena amamva dzanzi kapena kuyabwa ngati tinyerere m'chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, makamaka usiku. Izi zimachitika mtsempha wodutsa pamfundo ya dzanja ukapanikizika. Kusenza ndowa pamutu kwa zaka zambiri kumabweretsanso kupweteka kwa khosi, mapewa ndi mutu.

Zinthu zingapo zimachepetsa mavutowa. Kwezani beseni, liikeni pabenchi, patebulo kapena pa njerwa zosanjikiza kuti lifike cha m'chiuno. Ngati liyenera kukhala pansi, khalani pa kampando kafupi, beseni lili pakati pa miyendo, pafupi ndi thupi. Ponyamula, pindani mawondo m'malo mopinda msana, katundu akhale chokhudza thupi, ndipo potembenuka sunthani mapazi. Osanyamula beseni lodzaza madzi, yambani mwawapungula ndi kachidebe. Pakatha mphindi 20 kapena 30, imirirani, wongolani msana, yendaniko pang'ono.

Kunyika zovala m'madzi a sopo kwa theka la ola kapena ola limodzi musanayambe kuchapa kumafewetsa litsiro, ndipo mumafikisa pang'ono chabe. Makolala ndi m'munsi mwa mathalauza mungathe kutsuka ndi burashi. Bulangete finyani anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, kapena lipachikeni pachingwe cholimba kuti madzi adonthe okha. Kuchapa pang'onopang'ono kawiri kapena katatu pa sabata kumapepukira thupi kusiyana ndi kuunjika zonse kudikira Loweruka.

Sopo ndi khungu la m'manja

Khungu lili ndi mafuta achilengedwe amene amalitchinjiriza. Sopo anapangidwa kuti azichotsa mafuta pa nsalu, ndipo amachotsanso mafuta a pakhungu. Sopo waufa ndiye amaluma kwambiri, makamaka akathiridwa wambiri kapena akapanda kusungunuka bwino. Akatswiri a matenda a pakhungu amati munthu amene manja ake amakhala m'madzi maola oposa awiri patsiku ali pachiopsezo chachikulu chodwala khungu la m'manja.

Zizindikiro zake ndi kuuma, kuyabwa, kusupuka, kuwotcha ndi ming'alu ya m'zala yomwe nthawi zina imatuluka magazi. M'mbali mwa zikhadabo mumatha kutupa ndi kuchita mafinya. Nthendayi si yopatsirana, koma ming'aluyo ndi khomo lolowera tizilombo. Mapazi nawo akamakhala m'madzi a sopo nthawi yaitali, pakati pa zala pamayera, pamayabwa ndi kung'ambika.

Musanachape, vulani mphete ndi zibangili chifukwa sopo amabisala pansi pake. Sungunulani sopo waufa m'madzi kaye musanaviikemo manja, ndipo thirani muyeso wolembedwa pa paketi. Thovu lambiri silitanthauza kuti zovala ziyera kwambiri, limangowonjezera madzi otsukuluzira. Ngati mungakwanitse, valani magolovesi a labala, koma akalowa madzi avuleni, muwatembenuze ndi kuwayanika. Mukamaliza, sambani m'manja ndi madzi oyera, pukutani bwino mpaka pakati pa zala, kenako dzolani mafuta monga Vaseline kapena gilisalini. Dzolaninso pogona. Pewani kugula mankhwala odzola amphamvu pamsika popanda uphungu wa achipatala, chifukwa ena amapyapyalitsa khungu ndi kukulitsa zipere.

Kuchapira kumtsinje ndi kunyanja

Chiopsezo chachikulu cha kuchapira m'madzi a kudambo, kumtsinje ndi kunyanja ndi likodzo. Matendawa ndi ofala m'maboma a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi monga Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kuzungulira nyanja ya Chilwa, komanso m'chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi Nsanje. Amapezekanso m'madamu ndi m'ngalande za ulimi wothirira m'maboma ena.

Likodzo limayenda motere. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, ndipo tizilombo take timalowa mu nkhono za m'madzi. Tikachulukana timatuluka n'kumasambira. Munthu akaimirira m'madzimo, timabowola khungu, ngakhale lopanda bala, n'kulowa m'magazi. Sikuti mpaka munthu amwe madziwo ayi. Kuimirira m'madzi ofika m'mawondo uku mukutsukuluza zovala n'kokwanira.

Chizindikiro chodziwika kwambiri ndi magazi mu mkodzo, makamaka pomaliza kukodza. Mtundu wina umagwira matumbo ndi chiwindi, ndipo umabweretsa kupweteka m'mimba ndi kutsegula m'mimba kwa magazi. Kwa amayi ndi atsikana, mazirawa amathanso kukhazikika m'njira ya abambo ndi pakhomo la chiberekero. Zikatero mayi amatuluka chikazi chachilendo, amamva kuwawa kapena kutuluka magazi pogonana, ndipo ena amavutika kutenga pakati. Kawirikawiri zizindikirozi zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo zadanitsapo mabanja popanda wolakwa. Akuti amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara ali ndi likodzo la mtundu umenewu, lomwe limawonjezeranso mpata wotenga HIV. Mukapita kuchipatala ndi zizindikiro zotere, auzeni adokotala kuti mumachapira kumtsinje kapena kunyanja.

Likodzo limachizika ndi mankhwala otchedwa praziquantel, omwe Unduna wa Zaumoyo umagawanso m'sukulu ndi m'midzi. Koma mankhwalawa sateteza munthu kuti asadwalenso akabwerera m'madzi omwewo. Ngati pali mjigo kapena mpopi, chapirani madzi amenewo. Ngati mukudalira mtsinje, tungani madzi mutaima pamtunda kapena mutavala magambuti, ndipo chapirani kumtunda. Madzi akakhala m'ndowa kapena m'mgolo kwa masiku awiri, tizilombo ta likodzo timafa, ngakhale kuti madziwo sakhala abwino kumwa pokhapokha atawiritsidwa kapena kuthiridwa klorini.

Pali ngozi zinanso. M'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi madera ena a kunyanja, ng'ona zimagwira anthu pamadooko amene amachapira tsiku ndi tsiku. Pewani kuchapa m'bandakucha kapena chisisira, ndipo musapite nokha. Nthawi ya dzinja mtsinje umatha kudzaza mwadzidzidzi chifukwa cha mvula yomwe yagwa kumtunda, ngakhale pamene inu muli pakuwala dzuwa.

Matewera ndi zovala za wodwala

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Tizilombo ta kolera timakhala m'chimbudzi ndi m'masanzi a wodwala, choncho zovala ndi zofunda zake zimatha kufalitsa matendawa kwa wochapa komanso kwa mudzi wonse ngati zichapidwira pamalo otunga madzi.

Zovala zoipitsidwa zichapidwe pazokha, kutali ndi mjigo, chitsime kapena mtsinje. Valani magolovesi, ndipo ngati palibe, mangani majumbo osabowoka m'manja. Tayani zoipazo m'chimbudzi. Kenako wiritsani zovalazo kwa mphindi zisanu, kapena zinyikeni kwa mphindi khumi m'madzi a klorini wa mphamvu ya 0.2 peresenti. Ngati alangizi a zaumoyo akupatsani klorini wosungunula kale wa 1 peresenti, sakanizani kapu imodzi ndi makapu anayi a madzi. Ngati muli ndi jiki wolembedwa 3.5 peresenti pabotolo, kapu imodzi isakanizidwe ndi makapu 16 a madzi. Mukatero chapani ndi sopo, tsukuluzani, yanikani padzuwa. Madzi otsalawo athiridwe m'chimbudzi kapena m'dzenje, osati pabwalo pomwe ana amasewera.

Matewera ansalu asamalidwe chimodzimodzi. Ambiri amaganiza kuti chimbudzi cha mwana wakhanda n'chosaopsa, koma chimanyamula tizilombo ta matenda otsegula m'mimba ngati cha wamkulu. Beseni la matewera lisagwiritsidwe ntchito potsuka mbale kapena ndiwo zamasamba. Tsukuluzani matewera mokwanira chifukwa sopo wotsalira amatupitsa khungu la mwana. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya kapena kuyamwitsa.

Chenjerani ndi jiki

Jiki amayeretsa ndi kupha tizilombo, koma ndi mankhwala oopsa. Musamusakanize ndi viniga, mankhwala otsukira m'chimbudzi, kapena chilichonse chokhala ndi amoniya, chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni umene umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo. Mkodzo nawo umatulutsa amoniya, n'chifukwa chake matewera ayenera kutsukuluzidwa kaye ndi madzi asananyikidwe mu jiki. Gwiritsani ntchito madzi ozizira, pamalo opita mphepo.

Jiki akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, kenako pitani kuchipatala. Musasunge jiki kapena klorini m'mabotolo a zakumwa, chifukwa ana amamwa poyesa ndi madzi. Mwana akamwa, musamusanzitse ndipo musamumwetse mankhwala azitsamba. Mutsukeni m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala, botololo mulitenge.

Kuyanika ndi kusita

Kuyanika zovala pansi, paudzu kapena patchire kumaitana ntchentche ya mtundu wina imene imaikira mazira pa dothi lonunkha mkodzo ndi pa nsalu zachinyezi, makamaka pamthunzi. Mazirawo amaswa pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo munthu akavala chovalacho, mphutsi imalowa pakhungu. Pamatuluka chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, ndipo ena amamva chinthu chikuyenda m'kati. Ana ndi amene amavutika kwambiri, makamaka kumsana, m'matako ndi m'ntchafu. Kupaka Vaseline pakabowopo kumatseka mpweya ndipo mphutsi imayamba kutuluka, koma osaboola ndi singano kapena lumo. Ngati zotupa zili zambiri, zili pafupi ndi diso kapena zili pa khanda, pitani kuchipatala. Kupewa kwake n'kuyanika pachingwe, padzuwa, ndi kusita mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko, kuphatikizapo matewera, zamkati ndi zofunda.

Pakhomo pakalowa mphere, mankhwala odzola okha sakwanira. Onse apabanja alandire chithandizo nthawi imodzi, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha kwambiri, ziyanikidwe padzuwa ndi kusitidwa. Zomwe sizingachapike zimangidwe m'jumbo kwa masiku osachepera atatu, chifukwa tizilombo ta mphere sitikhalitsa tikachoka pathupi la munthu.

Chifukwa cha manyazi, amayi ndi atsikana ambiri amayanika zamkati ndi nsalu za kumwezi m'chipinda, kuseri kwa chitseko kapena kunsi kwa matiresi. Kumeneko siziuma bwino, ndipo nsalu yachinyezi imathandiza tizilombo toyambitsa kuyabwa ndi zotupa kumaliseche. Nsalu za kumwezi zitsukuluzidwe kaye m'madzi ozizira, poti otentha amaumitsa magazi pansalu, kenako zichapidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa. Ngati mukuchita manyazi, ziphimbeni ndi kansalu kopyapyala pachingwe pomwepo.

M'nyengo ya mvula ena amaumitsa zovala pambaula m'nyumba. Makala oyaka amatulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Mbaula isayake m'chipinda chotseka, ndipo simbi yamakala isitiridwe pakhonde kapena poti mazenera ndi otsegula. Zovala zonyowa zikamayanikidwa m'chipinda chogona kawirikawiri, makoma amachita nkhungu yomwe imautsa mphumu.

Ana pafupi ndi beseni

Mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda angathe kumira m'madzi ochepa kwambiri. Mutu wake ndi wolemera, choncho akasuzumira m'ndowa n'kugweramo chamutu sangathe kudzitulutsa, ndipo salira. Ndowa ndi mabafa onyikamo zovala zivundikiridwe kapena ziikidwe pamwamba, ndipo mukatha kuchapa khuthulani madzi onse. Madzi otentha, simbi yamoto ndi paketi ya sopo waufa zikhale poti mwana sangafikire. Kumtsinje, mwana wamng'ono asasiyidwe m'manja mwa mwana mnzake pamene mayi ali kalikiliki kuchapa.

Ofunika kusamala kwambiri

Mayi woyembekezera, makamaka miyezi yomaliza, asamasenze ndowa zodzaza kapena kufinya mabulangete. Amene wachira kudzera pa opaleshoni amalangizidwa kupewa kunyamula zolemera kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, komatu nthawi imeneyi ndi yomwe zochapa zimachuluka kwambiri pakhomo. Apa m'pamene abambo, apongozi ndi achibale ayenera kugwira beseni. Odwala shuga asaimirire m'madzi opanda nsapato, ndipo azionetsetsa mapazi awo tsiku lililonse chifukwa kabala kakang'ono kamatha kukula osamva kuwawa. Okalamba ndi odwala nyamakazi achepetsedwe ntchito yofinya.

Palinso amayi ambiri m'matauni amene amadya za ganyu yochapa, ndipo ena amachapa nyumba zingapo tsiku limodzi. Ngati mumalemba munthu wotere, mupatseni magolovesi, kampando ndi malo amthunzi. Muuzeni ngati pali zovala za munthu wotsegula m'mimba kapena wa mphere, ndipo pisani m'matumba kuchotsa malezala, mapini ndi singano musanam'patse zovalazo.

Pitani kuchipatala mukaona izi

Musazengereze ngati msana ukupweteka mpaka kutsikira m'mwendo, mwendo ukuchita dzanzi kapena kufooka, kapena ululu wapitirira masabata angapo osasintha. Mukayamba kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi pamodzi ndi kupweteka kwa msana, pitani tsiku lomwelo. Pitaninso ngati zala zikuchita dzanzi mpaka kugwetsa zinthu, ngati ming'alu ya m'manja yatupa, yatentha kapena ikutuluka mafinya, komanso mukaona magazi mu mkodzo kapena m'chimbudzi. Kubanika mutapuma mpweya wa jiki ndi ngozi yofunika chithandizo msanga. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha atachapa zovala za wodwala, ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo ali m'njira yopita kuchipatala.

Nzeru zambiri zomwe zatchulidwa pano sizifuna ndalama zochuluka: njerwa zokwezera beseni, chingwe choyanikira, chivundikiro cha ndowa, kabotolo ka mafuta odzola. Chimene chimapepuza ntchitoyi koposa zonse ndi kugawana. Mnyamata wa sitandade 5 angathe kuchapa yunifolomu ndi masokosi ake, bambo angathe kutunga madzi panjinga kapena pawilibala n'kufinya mabulangete, ndipo zovala zomwe zavalidwa maola ochepa zingathe kungoyanikidwa pamphepo m'malo moponyedwa pamulu wa zochapa.